Wapakhomo pa Ukwati wa Bonface

Mfuti inali m'buti ya galimoto, yokulungidwa m'thaulo. Galimotoyo Edgar anaiimika kuseri kwa holo ya ku Ilford kumene msuweni wake Bonface ankachitira phwando la ukwati Loweruka limenelo masana. Mfutiyo anaigula kwa munthu amene sanamufunse n'komwe dzina. Ankadziuza kuti sanatsimikize chochita nayo, koma munthu wosatsimikiza sakhoma chitseko chakumbuyo anthu ali m'kati n'kuika kiyi m'thumba. Edgar anali atachita kale zimenezo.

Nsanje yake siinayambe dzulo kapena dzana. Bonface atangofika ku London, ndi kajekete kopyapyala komanso Chingerezi cha m'mabuku, anagona pasofa ya Edgar nyengo yonse yozizira. Edgar ndiye anamuphunzitsa kukwera sitima, namutengera kutchalitchi ku Peckham. Kumeneko anamulozera Etta wa m'kwaya, amene Edgar mwiniyo ankamufuna chamumtima kwa zaka osatsegula pakamwa. Bonface pakamwa anatsegula. Lero Bonface ali ndi kampani yosamalira okalamba, nyumba yakeyake, ndi Etta atavala zoyera pambali pake. Edgar akadali m'kachipinda ka lendi.

Ntchito yake inali yoyang'anira zipata pabwalo la mpira ku Wembley. Ankavala jekete lachikasu lowala ngati nyali, koma chikhamu chonsecho chinkamudutsa osamuona. Womulankhula anali wofunsa kuchimbudzi basi.

Miyezi ingapo m'mbuyomo, kuntchito kunabwera mayi wina amene kale anali wapolisi, kudzawaphunzitsa za anthu owombera chigulu cha anthu osalakwa. Mayiyo anati anthu otere sadzuka tsiku limodzi atapenga. Amasunga zakukhosi, chaka ndi chaka, mpaka kukhulupirira kuti moyo umene anzawo akudya unali wawo. Amafuna dziko liwatchule dzina, ndipo pafupifupi onse amayamba auzako munthu wina, mwanthabwala kapena mwaukali. Anafotokoza za mnyamata wina wakunja amene anapha anthu pa chikondwerero. Edgar anakweza dzanja n'kufunsa dzina lake.

"Dzinalo ndi limene ankafuna," anatero mayiyo. "Ine sindimupatsa."

Edgar anapsa mtima, ndipo anadziwa bwino chifukwa chake. Ankamuchitira nsanje ngakhale wakuphayo, amene nkhope yake inaonekapo pa TV iliyonse. Madzulo ake anakafotokoza zonsezo kwa mchemwali wake wamkulu Tionenji, amene ankasita yunifolomu yake ya unamwino. Anafotokoza moseka, n'kumaliza kuti, "Musadandaule achemwali, tsiku lina nanenso adzandidziwa onsewa." Tionenji anangotembenuza malaya n'kupitiriza kusita.

Kenako kunabwera foni ya Bonface. "Asuweni, pa ukwati mutigwirire pakhomo. Inu ndi akatswiri pa zimenezi, ma geti kulasha, anthu osaitanidwa aja, asatilowerere." Edgar anali atagula kale suti yatsopano, akuganiza kuti akakhala kutsogolo ndi achibale. Anayankha kuti palibe vuto. Sabata yomweyo anayamba kufunafuna munthu wa mfuti uja.

Tsono anaima pakhomo ndi suti yakeyo, akuyang'ana m'holo yodzaza. Nthawi ya perekaniperekani inakwana. Woyendetsa mwambo anaitana akuchikazi, iwo n'kuvina mpaka kutsogolo. Anaitana akuchimuna, a kwaya, anzake a Bonface a ku Lusaka amene anabwera ndi phokoso lawo, ngakhale azungu a kuntchito amene ankavina ngati aponda moto. Edgar anapangana ndi mtima wake kuti akapanda kumuitana, apita kugalimoto.

Apa Bonface analanda maikolofoni.

"Dikirani kaye. Pali munthu amene popanda iye sindikanaima pano. Anandigoneka pasofa pake, anandidyetsa, ndipo Ettayu anandionetsa ndi iyeyo. Asuweni anga a Edgar, ali pakhomopo."

Mitu yonse inatembenuka. Anthu anaomba m'manja, amayi analuluta. Edgar anadikira kuti mtima ukhale pansi, popeza chimene ankalirira chija chinali chitachitika. Koma mituyo inabwerera msanga kutsogolo. "Mwana wodzichepetsa uyu," anatero mayi wina pafupi naye, "sanaiwale kumene anachokera." Etta anapukuta msozi akuyang'ana mwamuna wake. Ngakhale dzina la Edgar linangosanduka chokometsera Bonface. Nsanje inamukwera mpaka m'maso, ndipo anatuluka.

Atazungulira kuseri kwa holo, anapeza Tionenji atakhala pamwamba pa buti ya galimoto yake. Nsapato zazitali anali atavula, duku lake la ukwati lili pamiyendo.

"Achemwali, tsikani, ndikufuna kutenga kanthu."

"Kanthu kanji?"

"Jekete."

"Jekete wavala kale, Edgar. Ndimafuna kutulutsa ana pachitseko chakumbuyo akapume mphepo, ndapeza chokhoma. Wosamala holo wati kiyi anapatsa iwe."

"Ndi za sekyulite zimenezo, simungazimvetse."

"Ndazimvetsa, unandiphunzitsa wekha. Unati anthu otere amayamba auzako munthu wina. Iwe unauza ine, ndikusita. Kuyambira tsiku limenelo sindigona." Anatambasula dzanja. "Bweretsa kiyi wa chitseko."

Edgar anayang'ana mchemwali wake, amene anamubereka kumsana ali khanda ku Zomba. Kuti atsegule butiyo anayenera kumukankhira pansi, ndipo manja ake anakana. Anapisa m'thumba n'kupereka kiyiyo.

"Munamva zimene ananena Bonface?" anatero Edgar. "Sofa yanga, tchalitchi changa, Etta. Zonse zinali zanga, achemwali. Iye anangobwera n'kukolola."

"Etta unamufunsira?"



"Ndaimbira apolisi," anatero Tionenji. "Ndawauza kuti ndiwe mlongo wanga, kuti sunachite kanthu, ndiponso kuti ine ndakhalira buti. Gwada apa, manja aoneke. Ndipita nawe kulikonse kumene akutengere."

Anagwada pa konkire ndi suti yatsopano ija. Anali ndi mantha, komanso penapake mtima unapepuka, ndipo anachita manyazi ndi kupepukako. Magalimoto a apolisi analowera kamsewu kakumbuyo osaliza siren. Apolisiwo anamumanga unyolo, natsitsa Tionenji pabuti mwaulemu, n'kutulutsa thaulo lija. Tionenji anapereka kiyi kwa wapolisi mmodzi kuti akatsegule chitseko chakumbuyo chija.

Akumulowetsa m'galimoto, Edgar anatembenukira kuholo. Ankayembekeza kuti nyimbo ziima, anthu athamangira panja, Bonface ndi Etta atuluka kudzaona.

"Achemwali, m'katimo akudziwa?"

"Palibe akudziwa. Akudula keke."

Pamenepo ndi pamene Edgar analira, misozi yeniyeni, chifukwa kudzera m'mawindo otsegula ankamva holo yonse ikuimba dzina la Bonface.