Mizere Itatu ya Njerwa

Ndinakankha khoma ndi dzanja limodzi, njerwa zinayi n'kugwera mkati.

"Amayi, mwatani?" anafuula a Fiskani ali pansi pa mtengo wa mango, malaya atavula. Ndi mmisiri amene akundimangira nyumba kuno ku Lisasadzi. Yakale inagwa ndi mvula ya chaka chatha, ndipo ndimagona m'chigafa cha fodya, chotchinga ndi masaka. Mvula yoyamba ikandipeza mmenemo, ndilibe kothawira.

"Bwerani muone nokha," ndinatero.

Anabwera akukoka miyendo. Ndinatola simenti ya pakati pa njerwa n'kuifikisa ndi zala. Inayoyoka ngati mgaiwa.

Chifukwa chake ndinkachidziwa, poti ndakhala ndikuonerera. Amafika seveni, n'kukanda matope a simenti a tsiku lonse nthawi imodzi, monga ankachitira bambo awo. Pofika teni matope aja auma pansi pomwepo. Amathiramo madzi, kuvundula, n'kumangira omwewo. Ikamakwana leveni njerwa zimatentha manja, iwo n'kukagona pamthunzi mpaka dzuwa litapendeka. Tsiku lonse mizere itatu. Kale mmisiri ankaweruka atamanga khumi.

"Dzuwa la Okutobala uno si lija munkalidziwa, amayi," anatero. "Dzulo ndinachita chizungulire ndili pamwamba. Mukufuna ndigwe, muyambe mwakumba manda nyumba isanathe?"

Sindinatsutse. Milomo yawo inali itasweka, maso ali psuu. Inenso pochokera kumjigo masiku ano ndimapumula kawiri.

"Nanga bwanji osabwera kukangocha, ngati ife a kumunda?"

"Ine ndine mmisiri. Sindilawirira ngati waganyu."

"Dzuwa laona satifiketi yanu?"

Anaseka pang'ono, kenako anatenga nyundo. Tinagumula mizere itatu ya dzulo, iwo akugogoda, ine ndikupala njerwa n'kuunjika. Khoma linabwerera pamene linali Lolemba. Kummawa kunali kamtambo kamodzi, ndipo tonse tinachita ngati sitikukaona.

Nditatopa ndinakhala pa wilibala.

"A Fiskani, ine zokangana ndilibe nazo mphamvu. Madzi mudzawapeza ndatunga kale, njerwa ndanyowetsa. Inu mufike tambala akamatsika mumtengo. Muzikanda matope a wilibala imodzi, akatha mukandenso. Likatentha kagoneni, sindikudzutsani. Koma chonde, khoma la mawa ndikadzalikankha, lisagwe."