Fayilo Yomwe a Makiyi Anatsekera

Kasingano ankayanika zovala pachingwe pamene mkulu wake analowa pageti, thukuta lili kamukamu. Sanadikire n'komwe kupatsidwa mpando. Anati makina opeta mabaji aima kushopu, akungolira n'kumaonetsa nambala 47, ndipo fayilo ya malangizo ikukanabe kuonetsa mawu. Mabaji mazana asanu a mayunifolomu a sukulu ankafunika mawa lake, choncho alamu ake ankamupempha kuti apite.

"Akundipempha, kapena angokutumani?" anafunsa Kasingano, pegi ili kukamwa.

"Iwe, ndi amuna anga. Shopu ija ndiyo imadyetsa ana ako omwe aja."

"Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, achemwali. Abwere okha."

Mtima wa Kasingano unali ndi chilonda cha miyezi isanu. Zaka zisanu ndi ziwiri anayendetsa makina aja m'shopu ya alamu ake, bambo amene antchito anawatcha a Makiyi chifukwa ankakiya chilichonse: ulusi, sizasi, shuga wa tiyi, ngakhale sopo wa kuchimbudzi. Makiyi ankalendewera m'chiuno mwawo, moti munthu ankayamba wawamva asanawaone. Buku limene linabwera ndi makina linali la chinenero chomwe palibe ankachimva, ndiye Kasingano anadzilembera malangizo ake pakompyuta. Vuto lililonse limene makina anachita, ankalemba chimene chayambitsa, mmene analikonzera ndi tsiku lake. Ukatsegula fayiloyo, kumanzere kunkabwera mndandanda wa mitu, kumanja mawu ndi zithunzi.

Anakangana pa nkhani ya mafuta. Kasingano ananena pamaso pa antchito kuti mafuta otchipa amene bwana ankagula apha makina, ndipo a Makiyi, amene sankafuna kudzudzulidwa ndi mng'ono wa mkazi wawo, anamuchotsa ntchito tsiku lomwelo. Mawa lake fayilo ija inangoonetsa mitu yokha, kumanja kuli mbee. A Makiyi anafalitsa ponseponse kuti Kasingano anafufuta malangizo mwadala pochoka. Ntchito yokha Kasingano akanaiiwala, koma dzina la wowononga linamumata ngati phula. Kulikonse kumene anakafunsira ntchito, nkhani inali itafika kale. Mayi wosoka mayunifolomu, amene anali atagula makina akeake ndipo ankasowa woyendetsa, anamuuza mwaulemu kuti sangasunge munthu amene akakwiya amawotcha nkhokwe. Kasingano analira njira yonse tsiku limenelo, ndipo misozi itauma analumbira kuti mlandu suola.

A Makiyi anabweradi masana, makiyi ali ngwerengwere. Anaima pakhomo n'kuyamba kulankhula za chibale, kuti magazi ndi magazi, zakale n'zakale. Kasingano anawasiya alankhule mpaka malovu anauma. Kenako anafunsa kuti mabajiwo ndi a ndani. Atamva kuti ndi a mayi wa mayunifolomu uja, amene makina ake anali akadali m'katoni, mtima wake unavina. Anati apita, koma mayiyo akakhalepo, antchito onsenso akakhalepo. A Makiyi anavomera, poti wogwa m'dzenje sasankha chingwe.

M'shopu munali fungo lakale lomwe lija la nsalu zatsopano ndi mafuta. Atelala anayi anasiya kupalasa makina awo. Mayi wa mayunifolomu anakhala pampando wa pulasitiki, chikwama pamiyendo, nkhope ili gwa. Mkulu wake wa Kasingano anatsamira chitseko.

Kasingano sanakhale pansi. Anaweramira kompyuta ya pamakina, manja ali kumbuyo, n'kuyang'ana. Mitu yake yonse inalipo kumanzere: kuduka kwa ulusi, kuthyoka kwa singano, manambala onse a zovuta. Kumanja kunali koyera. Kenako anayang'ana kamzere kosonyeza kumene fayiloyo ikuchokera, ndipo anadziluma mlomo kuti asaseke. Iye anaisiya pakompyuta yomweyi, koma tsopano inkachokera pakompyuta ya muofesi ya bwana, kudzera pa waya wolumikiza ziwirizo.

"Alamu, fayiloyi anaisamutsira muofesi mwanu ndani?"

A Makiyi anati anaisamutsa okha, tsiku lomwe iye anachoka, poopa kuti angabwere mwakabisira kudzaiba. Ananena monyadira ndithu, ngati munthu amene anachenjera.

"Ndiye khalani pampandopo," anatero Kasingano. "Ine sindikhudza kanthu, mungadzati ndabwezeretsa mobisa zomwe ndinafufuta."

A Makiyi anakhala. Kasingano anawalamula pang'onopang'ono, mokweza, ngati mphunzitsi wa ana aang'ono. Anawauza akopere fayiloyo kuchoka muofesi kubwera pakompyuta ya pamakina. Anaphonya kawiri. Anawauza atsegule pamene pamalembedwa za fayiloyo, achonge kabokosi kouza kompyuta kuti iikhulupirire. Analongosolera onse kuti fayilo ya mtundu umenewu ikamachokera pakompyuta ina, kompyuta imaikayikira, imaonetsa mitu yokha n'kubisa mawu. Palibe chimene chinafufutidwa. Mawu anali m'menemo miyezi isanu yonse, otsekeredwa ngati shuga wa tiyi.

A Makiyi anadina. Kumanja kunadzaza mawu ndi zithunzi, zonse zili bwinobwino. Telala wamkulu, bambo wa imvi amene anakhalitsa pashopupo, anavula magalasi n'kupukusa mutu, nati choipa chitsata mwini. Wina anatsokomola pofuna kubisa phwete.

Munthu wamtima wabwino akanalekera pomwepo. Kasingano tsiku limenelo mtima wabwino anausiya pachingwe pamodzi ndi zovala. Anawauza adine pa nambala 47 ndipo awerenge mokweza, poti iye maso akumuvuta masiku ano chifukwa cha kulira.

A Makiyi anayamba ndi mawu olimba, koma anamaliza ngati munthu wachimfine. Tsambalo linkati nambala 47 imatanthauza kuti kachitsulo kokola ulusi pansi pa singano kadyeka. Linkati chimene chimakadya ndi mafuta otchipa. Pansi pake panali masiku atatu olembedwa bwino, amene Kasingano anawachenjeza a bwana za mafutawo, ndi yankho lawo la tsiku lomaliza, lakuti makina si mwana woti n'kumusankhira zakudya. Mzere wotsiriza unkati kachitsulo kena katsopano kanabwera ndi makina, ndipo a bwana anakatenga n'kukakiyira.

Atamaliza, Kasingano anawafunsa funso limodzi lokha.

"Ndinafufuta, alamu?"

A Makiyi anayang'ana pansi. Kasingano anafunsanso, osakweza mawu.

"Sunafufute," anatero.

"Uzani amayiwa. Ine ndamva, koma amene munawauza bodza ndi iwowa."

A Makiyi anatembenuka ndi mpando womwe, nauza mayi wa mayunifolomu kuti mlamu wawo sanawononge kanthu, analakwitsa ndi iwo. Kasingano anamva kukoma kumene sanakumvepo chiyambire. Ankaganiza kuti mwina adzawamvera chisoni akadzawaona atafota chonchi, koma anafufuza mumtima mwake ndipo chisoni sanachipeze.

Mayi wa mayunifolomu anaimirira n'kumugwira dzanja Kasingano ndi manja awiri. Anapepesa poyera kuti anamvera za m'maluwa. Anati makina ake akungodya fumbi m'katoni, ndipo ngati Kasingano angayambe lero lomwe, mabajiwo akapetedwa kwake. Anauza mwamuna amene anabwera naye kuti anyamule nsalu zake za mabajiwo apititse kugalimoto.

A Makiyi anadzambatuka. Anati asafulumire, kachitsuloko kalipo, makina ayenda pasanathe ola. Anathamangira kukabati yoyamba, nayamba kuyesa makiyi. Kiyi woyamba anakana, wachiwiri anakana. Kabatiyo itatseguka, munali mabatani okhaokha. Anapita pa yachiwiri. M'shopumo munali makabati asanu ndi anayi, madirowa osawerengeka ndi mabokosi achitsulo atatu, zonse zokiya, ndipo mwini wake sankakumbuka kumene anaika kanthu kochepa ngati chikhadabo zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo.

Kasingano ankakumbuka. Anawaona ndi maso ake tsiku lija akukakulunga m'kapepala n'kukaponya m'dirowa ya pansi ya tebulo lawo, kuseri kwa mabuku akale.

Pakhomo mkulu wake anamugwira mkono. Maso ake anali ofiira.

"Ukudziwa pamene kali, eti? Tangonena, mwana wa amayi. Dzina lako walitenga kale."

Kasingano anamuyang'ana mkulu wakeyo, amene miyezi isanu yonse ankadya mbale imodzi ndi bodza lija osabwera ngakhale tsiku limodzi kudzamufunsa ngati zinali zoona. Anachotsa dzanjalo pamkono pake, chala chimodzichimodzi.

"Makiyi ali nawo, achemwali. Ndine ndani ine kuti ndikhudze za m'shopu mwa eni ake?"

Anakwera galimoto ya mayi uja n'kukhala pafupi ndi nsalu zija. Mpaka injini inalira, ankamvabe makiyi akulira m'shopumo, kabati ina ikutseguka, ina ikukana.