Makina Ometera M'jombo ya Mtisunge

Makina ometera tsitsi anasowa sukulu zitatsala pang'ono kutsegulidwa, ndipo Lenifa anayamba kuona wakuba mwa munthu aliyense wa pa mafulati a ku Greenbelt paja.

Kwawo ku Zomba mwana aliyense, wamkazi ndi wamwamuna yemwe, ankayamba teremu atameta, ndipo Lenifa sanaone chifukwa chosiyira mwambo poti wakwera ndege. Chaka chatha, mwana wake wamkazi Mtisunge atangofika kuchokera ku Malawi, anamumeta mpala n'kumukweza basi yachikasu mutu ukuwala. Tsopano nyengo yometa inali itakwananso, koma makina kulibe.

Woyamba kumuganizira anali mlamu wake Hopeson, kaamba koti anabwera kutchalitchi ndevu zitadulidwa bwino. Kenako maganizo anagwera pa Esnat wa ku Lusaka, wa khomo loyandikana, amene ankaluka anthu tsitsi m'nyumba mwake. Munthu wa ntchito ya tsitsi kubwera kudzapempha mchere? Mchere wake uti? Lenifa anamufunsa poyera pamasitepe, ndipo Esnat anamenyetsa chitseko.

Mtisunge anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ukangotchula sukulu, m'mimba mumayamba kumupweteka. Lenifa ankati ndi ulesi wotengera kwa ana a kuno.

Makinawo anawapeza Loweruka masana m'jombo ya Mtisunge ya nthawi yozizira, atakulungidwa m'sokosi. Mwana wakuba m'nyumba mwake? Akufuna kukagulitsa? Akumutuma ndani? Mawu aukali anafika pakhosi, koma anawameza. Kuntchito kwake kosamalira okalamba anali ataona kuti ukawafunsa maso ndi maso amatseka pakamwa, koma ukaima kumbuyo n'kumawapesa amaulula ndi zosafunsidwa zomwe.

"Mtisunge, bwera ukhale apa."

Mwanayo anakhala pansi pakati pa miyendo ya mayi ake, mapewa ali gwa. Lenifa anaika makina patebulo pomwe onse akuwaona, n'kutenga chipeso ndi mafuta. Anapesa, napesa, osafunsa kanthu. Tsitsi linali litakulako pa holide.

"Mom, are you gonna cut it?" anafunsa Mtisunge.

"Kumeta sindinaganize. Iwe ukufuna bwanji? Nena, sindikukalipira."

Mwanayo anayamba wakanda kapeti ndi chala. Kenako anayankha m'Chichewa, chomwe masiku amenewo sankachilankhula kawirikawiri.

"Amati ndine mnyamata. Ndikalowa bathroom ya atsikana amakuwa kuti ndituluke. Ndiye ndinasiya kulowamo."

"Tsiku lonse?"

"Sindimamwa madzi. Juice ndimapatsa mnzanga Tasha."

Chipeso chinaima. Lenifa anakumbukira tsiku lomwe mwanayu anatsika basi siketi itanyowa, iye n'kumukalipira kuti wamuchititsa manyazi pamaso pa anthu. Chisoni chinamugwira.

"Bwanji sunandiuze, mwanangu?"

"Munati ana aulemu amameta."

"Pepa. Tsitsili silimetedwanso. Lolemba tipita limodzi ndikaonane ndi aphunzitsi ako. Ndipo china chikakuvuta uziuza ine, osati jombo."

Mtisunge anaseka pang'ono, misozi ili mbwee.

Vuto linali lakuti Lenifa kuluka sankadziwa. Anamugwira mwana padzanja, nakagogoda pa chitseko chomwe chinamenyetsedwa chija.

"Mwabwela kusakila futi?" anafunsa Esnat, manja ali m'chiuno.

"Ndabwera kudzapepesa, anzanga. Makina apezeka, ndinakulakwirani. Tsitsi ili lingalukike?"

Esnat anamuyang'ana Lenifa kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anagwira mutu wa mwanayo, nakoka tsitsi ndi zala ziwiri.

"Ni lifupi, koma lizagwila. Ngena, mwana. Imwe bamake, nkhalani apo, osagwila vinthu vanga."

Lolemba m'mawa Mtisunge anatuluka kuchipinda mizere ili pamutu, chikwama kumsana. Lenifa anali pakhomo akusakasaka makiyi pomwe anamva mpopi ukutsegulidwa. Atacheuka anaona mwana wake atadzaza kapu yaikulu ndi madzi. Anamwa onse, napukuta pakamwa, n'kutunganso ena.