Auzeni Alamu Anuwo

Mayi wina, mphunzitsi, ananyamuka yekha sukulu zitangotsekera, kachikwama kumsana. Ankafuna kuona ndi maso mizinda imene ankangoilozera ana pa mapu. Za hotelo sakanakwanitsa, ndiye analowa gulu la pafoni la anthu olandira apaulendo kwaulere. Mumzinda wachiwiri wa ulendo wake anafikira kwa mayi wa saluni ndi mwamuna wake wokonza mafiriji.

Nyumba yawo inali pamwamba pa sitolo ya penti: chipinda chimodzi, khitchini, ndi pabalaza pothina. Mlendoyo anapatsidwa sofa, pakati penipeni pa khomo la kuchipinda ndi la kukhitchini.

"Asisi," anatero mayi wa saluni akuika mbale patebulo, "afunseni alamu anuwo ngati adya nawo."

Bamboyo anali pomwepo, akuvula nsapato. Mphunzitsi anaseka poyesa nthabwala za m'banja. Anaseka yekha.

"Alamu," anayankha bamboyo, "auzeni asisi anu kuti ndidya. Koma mchere ukhale pafupi."

M'mawa mwake mphunzitsi anakonzeka kukaona mlatho wakale ndi nyumba yosungira zinthu zamakedzana. Bamboyo anati asataye ndalama pa basi, amuperekeza pa pikapu. Anathera kuseri kwa butchala ina, mphunzitsi atagwira tochi, bamboyo mutu uli m'firiji, akufotokoza mbali yake ya mkangano wa m'banjamo. Inde, anachotsadi injini ya firiji ya kunyumba n'kuika mwa kasitomala. Koma anali kudzabweza. Munthu n'kusiya kukulankhula chifukwa cha injini?

Tsiku lotsatira linali la mayi. "Simungayende mumzinda muno ndi mutu umenewo, anthu aziti mukukhala kwa ndani? Tiyeni ndikakulukeni, sindikulipiritsani." Kusaluni mphunzitsi anamva mbali inayo, khosi litapindika. Nkhani si injini ayi, koma kusafunsa. Mpando wa kusaluni unapitanso choncho, ngakhale wailesi ya malemu bambo awo. Makasitomala atayamba kubwera, mayiyo anamusisita paphewa. Mbali yakumanzere ya mutu inali yolukidwa bwino, yakumanja nyankhalala.

"Timaliza mawa, asisi."

Mawalo kunadzaza anthu. Mkuja wake ulusi wa mtundu umenewo unatha.

Mphunzitsi ankakhala pa sofa atamanga duku, akumvera fungo la penti lokwera kuchokera pansi. Akadakwiya ndi ndani? Ankadya bwino, madzi osamba ankawapeza otentha, ndipo sanafunsidwepo kanthu. Akatchula zonyamuka, mayiyo ankati, "Takulakwirani chiyani?" Bamboyo ankangoyang'ana pansi ngati wauzidwa za maliro.

Mauthenga aja ankamulemera, ndiye anayamba kuwachotsa minga. Mayi akanena ali kukhitchini kuti, "Auzeni asandiponyere masokosi onunkha paliponse," iye ankapita pakhonde n'kunena kuti, "Akuti mubweretse zochapa, akuchapireni." Bambo akati, "Auzeni ndatopa ndi nkhope yomangayo," iye ankati, "Akuti anasowa kuseka kwanu." Ankaganiza kuti akagwirizana, amumasula.

Anagwirizanadi pang'ono. Bamboyo anabwera ndi injini ina, firiji inaliranso. Madzulo ake onse atatu anaonera limodzi TV, mlendo ali pakati. Mayiyo anagwira mphunzitsi dzanja.

"Chibwerereni inu, nyumba ino yapepuka. Mukachoka tibwerera pomwe tinali. Khalani mpaka sukulu zitsegulire."

"Apa anena zoona asisi anu," anatero bamboyo, akuyang'ana mlendo.

Mphunzitsi anaganizira za ulendo wake. Mizinda ina yonse ija inali kumudikira, ndipo ngakhale mlatho wa mumzinda womwewo anali asanauone. Anatsegula pakamwa kuti akane, koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Zikomo kwambiri."

Anakhala mpaka tchuthi chinatsala pang'ono kutha. Pamenepo ananena kuti ahedi akumufuna kusukulu msanga, ndipo pa nkhani ya ntchito sakanamuletsa. Mayiyo analira, namulongedzera mabanzi ndi mazira owiritsa. Za tsitsi anati, "Musapatse wina mutu umenewu, adzauwononga. Mudzabwere ndidzamalize."

Bamboyo anamunyamulira chikwama mpaka kudepoti. Mphunzitsi anakhala pawindo, nakhwimitsa duku, napuma mpweya wautali. Basi isananyamuke foni inalira. Anali mayi wa saluni.

"Asisi, akadali pomwepo alamu anuwo? Auzeni agule mayunitsi a magetsi pobwera."

Bamboyo anali ataima panja, foni yake ikuonekera m'thumba la malaya. Mphunzitsi anayesa kukankha windo koma linali lolimba. Anagogoda galasi ndi chala mpaka bamboyo anacheuka, ndipo anayamba kumufotokozera ndi manja.