Khomo la Jestina

Maliro a Eustace anafika ku Kaphuka ndi magalimoto khumi ndi anayi. Khumi ndi anayi! Ali moyo sinkabwera ngakhale imodzi, ati msewu wakuno umapha galimoto.

Jestina, mlongo wake wamkulu, anali atakhala m'nyumba yake, yomwe inali ya siwa, masiku awiri, mphasa itayalidwa pakati kudikira bokosi. Kuno timatero: womwalira amayamba walowa m'nyumba ya kwawo, abale amulire, kenako kumanda. Koma a ku Lilongwe anabwera ndi zawo. Anakhoma tenti pabwalo, nkuyala kapeti, bokosi nkulikhazika pomwepo. Mipando ya mabwana okhaokha. Eni maliro kuseri kwa chingwe ngati mbuzi.

Mtima unamuwawa Jestina. Anatuluka wopanda nsapato, nkudumpha chingwecho.

Bambo wina wasuti yakuda, a Macdonald, amene ankagwira ntchito limodzi ndi malemu, anamutsekera njira.

"Mayi, pulogalamu tinasindikiza kale. Akumudzi muona nkhope tikatha zolankhula."

"Mwana uyu ndinamubereka kumbuyo ine," anatero Jestina. "Mbatatesi za m'munda uwo ndi zomwe zinamupititsa kusukulu. Munamutenga wamoyo, lero mwabweza mtembo woti tizionera patali? Alowe m'nyumba."

A Macdonald anayang'ana nyumbayo, nkumwetulira. Kumwetulira pamaliro, anthuni!

"Bokosi ili ndi lam'tauni, mayi, ndi lalikulu. Pakakhomo kanu ako silingalowe."

Sananame. Khomolo linali laling'onodi, loti ngakhale thumba la chimanga limalowa cham'mbali.

Jestina analanda khasu kwa mmodzi wa adzukulu amene ankachokera kokumba manda, nkulunjika kunyumba kwake. Phu! Njerwa yoyamba inagwa. Phu! Mphuthu ya chitseko inapendekeka. Kwaya inasiya kuimba. Nyumba imeneyi anaumba yekha njerwa zake, ndipo mwezi wa Juni kuno chisanu sichiseka ndi munthu. Zonsezo ankazidziwa, koma khasu silinaime mpaka pakhoma panatseguka poti ng'ombe nkudutsa.

Azibambo a m'mudzi sanadikire kuuzidwa. Anachotsa chingwe, nkunyamula bokosi kulilowetsa m'nyumba, mabwana ali kukamwa yasa.

Fumbi lisanathe, Jestina anakhala pansi kumutu kwa bokosi, nkuika dzanja pamwamba pake.

"Wafika, Eustace," anatero. Apo ndi pomwe anayamba kulira.