Getsi la Pakhonde

Mumsewu wa kwa Marnie Haskett, lamulo la tsiku la Halowini, pamene ana amavala ngati mizukwa n'kumayenda khomo ndi khomo, ndi limodzi basi: getsi la pakhonde likayaka, ana agogoda kupempha maswiti, likazima, apitirira. Marnie anali ndi zaka makumi anayi, koma getsi limeneli anali asanaliyatsepo pa tsikuli.

Ali mwana, bambo ake, abusa a Virgil, ankazimitsa magetsi onse dzuwa lisanalowe, n'kutsekera banja lonse m'chipinda cha pansi. Onse ankagwada pasimenti, kunja ana akuseka. "Wovala nkhope ya Satana, Satana amamulemba dzina," ankatero abusawo. Tchalitchi cha bambo akecho Marnie anachisiya kalekale, koma mantha sanamusiye. Mantha alibe ulemu, sasamuka chifukwa choti munthu wamera imvi.

Chaka chino analimba mtima n'kugula thumba la maswiti, ngakhale analibisa kuseri kwa anyezi ngati wakuba. Vuto linali lakuti bambo ake, amene tsopano anali okalamba ndi oiwalaiwala, ankakhala naye. Nanga akaona mizukwa pakhomo? Akomoka? Amutemberera? Dzanja lake linafika pa swichi katatu, n'kubwerera katatu konse. Anagwa ulesi, n'kupita kukatereka supu.

Belu linalira.

Atathamangira kuchitseko anapeza getsi lili ngwee, chitseko chili pululu, abusa a Virgil ataima ndi thumba lija m'manja. Kutsogolo kwawo kunali ana awiri, wina atavala ngati mfiti ya nkhope yobiriwira, wina ngati mafupa a munthu wakufa.

"Maswiti, apo ayi muona!" anakuwa anawo.

"Ndiona chiyani, iwe mafupa okhaokhawe? Kwanu sakudyetsa?" Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola, akuthira maswiti osawerenga.

Marnie mutu unaima. Akwiye? Aseke? Mawondo ake, mwa chizolowezi, ankafuna kugwada.

"Adadi, mukudziwa kuti lero ndi tsiku lanji?"

"Tsiku la alendo. Tabwera kuno, kamfiti aka kazizidwa."

Kamfitiko kanamuyang'ana Marnie kuyambira kumutu mpaka kumapazi, epuloni ili m'chiuno, chipande chili m'manja. "Nanga inu mayi, mwavala ngati ndani?"

"Sindikudziwa," anatero Marnie, ndipo sankanama.

Ana atapita, abusa anakhala pampando wa pakhonde, akusenda switi imodzi. Nkhope yawo inali yowala mwa mtundu umene Marnie sanauonepo m'chipinda cha pansi chija. Zimenezi zinamupweteka kuposa temberero limene ankaliyembekezera.

"Zosangalatsatu izi," anatero mkuluyo. "Nanga iwe uli mwana, bwanji sunkapita nawo? Unali wamanyazi eti?"

Marnie anatsegula pakamwa. Mawu amene anawasunga zaka zonsezi anabwera onse nthawi imodzi. Koma awauze ndani? Munthu amene ankazimitsa magetsi uja sanalipo. Pampandopo panali nkhalamba yodya switi.

"Ndinkaopa, adadi."

"Kuopa ana?" Anapukusa mutu, atakwiya ndithu. "Anakuopseza ndani, mwana wanga? Tandiuza."

Pageti panatulukira kasatana kofiira, kakukoka mchira, nyanga imodzi itapindika. Marnie mtima unagunda monga kale. Anatenga thumba lija m'manja mwa bambo ake, n'kutsika masitepe kukakachingamira.