Tipa Si Minibasi

Mlamu wanga Moven ndi munthu wabwino, koma ubwino wakewo umatsalira panja akangotseka chitseko cha galimoto. Nthawi imene ankayendetsa minibasi pa njira ya Kanyama anagwetsapo basi m'ngalande ya mvula, anaphwanyapo thebulo la tomato la mayi wina, ndipo tsiku lina anagunda kumbuyo kwa galimoto ya apolisi a pamsewu, eni akewo ali momwemo. Sanaphepo munthu, ndipo chifukwa chake akuchidziwa ndi Mulungu yekha. Pamapeto pake anamulanda laisensi, eni mabasi nawonso n'kuyamba kuyang'ana kumbali akamuona akubwera.

Atamubwezera laisensiyo, mlongo wanga Felistus, amene ndi mkazi wake, anamutumiza kusukulu yoyendetsa malole ndi thukuta la salaula, zovala zakale zimene amagulitsa. Anaphunzira, anakhoza, n'kuyamba kuzungulira makampani. Kulikonse ankamupatsa mpando mpaka atafunsa kumene ankagwira kale. Lusaka amaoneka wamkulu kwa mlendo yekha, madalaivala onse amadziwana. Miyezi inapita Moven akuchoka m'mawa atasita malaya, n'kumabwerako madzulo ali mbuu ndi fumbi.

Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi, Felistus anandipeza ndikuchapa ovololo yanga. Sanakhale n'komwe pansi.

"Ba Isaiah, ine nalema," anatero. "Mwezi uno ukasila uyu muntu alibe nchito, nitenga bana niyenda ku Petauke. Sinikamba vosobela."

Mlongo wangayu ndimamudziwa. Akamakalipa, nkhani imatha ndi tulo. Akalankhula motsitsa mawu chonchi, dziwani kuti wayamba kale kufunsa za basi ya kum'mawa. Ndinatopa nazo zimenezi, ndisaname. Ukwati wawo ndinaunyamula ndine kuyambira tsiku la chinkhoswe, ndipo sunapepukepo.

Ine ndine makanika pa yadi ya matipa ya a Kasoma, cha ku Chinika. Amagulitsa miyala ndi mchenga kwa omanga nyumba. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, choncho m'mawa mwake ndinalowa mu ofesi mwawo n'kuwauza zonse, za ngalande, za tomato, ngakhale za apolisi. Ndinaona kuti ndi bwino amve kwa ine kusiyana n'kukamva pa siteshoni. Ndinkayembekezera kuti andithamangitsa, koma anangokanda chibwano.

"Mubwelese mailo, timuone," anatero.

Moven anafika atavala tayi, ngati munthu wokafunsira ntchito ya ku banki. A Kasoma anatiloza tipa yodzaza kale miyala, n'kunena kuti tituluke nayo pa msewu wa Mumbwa. Iwo anakhala cha kuchitseko, ine pakati, mawondo akugunda giya.

Ndiyenera kumuyamikira pang'ono mlamu wanga. Anatuluka pa geti bwinobwino osakhula chipilala. Magiya ankalowa mwaulemu, magalasi akuwayang'ana uku ndi uku monga anamuphunzitsira. Njinga yamoto itatidula kutsogolo sanatukwane, anangomeza malovu. A Kasoma anatsamira mpando n'kuyamba kuyang'ana pa foni, ine mtima n'kukhala pansi. Ndinayamba kuganiza za mmene ndikamuuzire Felistus.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tikubwerera cha kutauni, pafupi ndi poima mabasi, panaima mayi wina atasenza beseni la repu. Anakweza dzanja kuimitsa minibasi imene inali kumbuyo kwathu.

Dzanja la Moven linapita lokha pa huta. Pi-pi, pi-pi! Anakhotetsera chitipa chonse kumanzere osapereka chizindikiro, n'kuponda buleki. Miyala inagudubuzika kumbuyo, foni ya a Kasoma n'kugwera pansi pa mpando. Minibasi ija inalira matayala n'kutiphonya pang'onong'ono. Ndipo mlamu wanga, ndi tayi yake, anasuzumira kudutsa pamphuno pathu tonse awiri n'kufuula pa windo:

"Tauni, amai? Tauni?"

Mayi uja anatiyang'ana, anayang'ana miyala, n'kubwerera m'mbuyo atagwira beseni lake. Kondakitala wa minibasi anatulutsa mutu n'kutchula makolo athu onse, amoyo ndi akufa.

Amene sanagwirepo pa minibasi sangamvetse. Dalaivala wodutsa dzanja lokwezedwa sadya tsiku limenelo, ndipo akazengereza mnzake wa kumbuyo amamulanda munthuyo. Zaka zikachuluka, diso limauza phazi mutu usanamve. Sukulu ya malole inamuphunzitsa Moven zambiri, koma ichi sinachichotse.

M'tipa muja ndinaona nkhope ya Moven ikusintha pamene anazindikira kumene ali. Anabweza mutu pang'onopang'ono. Ndinamukwiyira kwambiri, komanso ndinamumvera chisoni mpaka sindinathe kumuyang'ana kachiwiri.

"Tiyeni ku yadi," anatero a Kasoma, akufufuza foni yawo pansi pa mpando.

Panjira ine ndinali nditayamba kale kuona ana a mlongo wanga atakhala pa matumba ku siteshoni ya Intasite, akudikira basi.

Titafika, a Kasoma anatsika, anatsamira tayala, n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Moven anaima atapinda manja kumbuyo, akudikira kuti auzidwe njira ya ku geti.

"Iwe, ufuna kukweza bantu pa myala yanga?" anatero atapuma. "Mvela apa. Ine madalaiva ba rekodi yabwino nalembapo bambili. Nibagulila maovolosi, nibaonesa makasitoma, manje bakangozibako nchito bathabila ku makampani ya ku boda. Nalema nabo. Koma iwe uzayenda kuti? Ndani angakutenge mu Lusaka muno? Palibe. Iwe uzankala pano mpaka mano yakagwe. Pa Sande nikakuitana uzabwela. Ukadwala uzabwela. Malipilo yakachedwa uzayembekeza. Si so?"

"Ni so, ba bosi," anayankha Moven.

"Bwela pa Mande. Utenge ija ya buluu."

Ya buluuyo ndimaidziwa bwino, poti ndine ndimagona pansi pake sabata iliyonse. Chiongolero chake chimafuna mapewa a anthu awiri, ndipo utsi umalowa mkati. Madalaivala onse anaikana. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kanthu, koma Moven anali atawerama kale, akuwomba m'manja.

"Zikomo, ba bosi. Mulungu akudaliseni."

Nditaweruka ndinamupeza akundidikira kunja kwa geti, tayi ali nayo m'thumba. Tinayenda wapansi kulowa m'Kanyama, tikulumpha miyala ndi madzi a sopo otayidwa m'njira. Ndinkafuna kumukalipira za mayi wa repu uja, koma mphamvu zake ndinalibe. Titatsala pang'ono kufika, anandigwira mkono.

"Ba mulamu, vamene bakamba ba bosi visile kwamene kuja. Felistus mumuuze chabe ati napasa."

Felistus anali pakhomo akupinda zovala zotsala pa malonda. Atamva kuti Mande mwamuna wake ayamba ntchito, analuluta mpaka ana a nyumba zoyandikana anathamangira kudzaona. Ndinali ndisanamuone akuseka chonchi chaka chonsechi. Anaitana mayi wa nyumba ya pafupi kudzera pa mpanda.

"Mwamvela? Pa madalaiva bonse bamene benze kufuna paja, basanka batate ba Miracle!"

Kenako anatembenukira kwa ine, maso ali ndi misozi.

"Ba Isaiah, imwe mwenzepo. Niuzeni, ba bosi banakondwela na chani maningi?"

Moven anali atakhala pa buloko pafupi ndi khomo, akumasula zingwe za nsapato. Zala zake zinaima.

"Bakamba ati ayendesa bwino," ndinatero.

"Nenze kuziba ine," anatero Felistus, akupukuta m'maso ndi chitenje. "Nenze kuziba kuti siku lina kuzapezeka muntu wamene azamuona mwamene alili."

Analowa m'nyumba akuimba nyimbo ya kutchalitchi, ndipo tinamva akukoka mbaula kuti awiritse madzi osamba a mwamuna wake. Moven anatsala pa buloko paja nsapato imodzi ili m'manja, ndipo madzi atatentha anachita kumuitana kawiri.